Mpira Ulibe Mwini, Koma Gemu Ili Naye

Pa 28 Sepitembala 2023, mumzinda wa Hangzhou ku China, bambo wina wa zaka 44 wa ku South Korea anavekedwa mendulo ya golide, mbendera ya kwawo n'kukwezedwa, nyimbo ya fuko lawo n'kuimbidwa. Dzina lake ndi Kim Gwan-woo. Bamboyu sanathamange, sanalumphe, sananyamule chitsulo. Anakhala pampando, maso ali tong'o pa sikirini, zala zikuvina pa mabatani, mpaka anagonjetsa mnzake wa ku Taiwan 4-3 pa gemu yomenyana yotchedwa Street Fighter V. Mendulo yakeyo inawerengedwa pa ndandanda ya mayiko mofanana ndi ya wosambira kapena wothamanga, chifukwa mpikisanowu unali wa Asian Games, masewero aakulu a mayiko a ku Asia amene amachitika zaka zinayi zilizonse.

Mukawafotokozera akuluakulu a kuno nkhani imeneyi, ambiri amayamba aseka kaye kenako n'kufunsa kuti, "Zimenezonso ndi masewero?" Funsoli si lopusa. Koma ine ndimaona kuti pa mafunso onse amene nkhaniyi imadzutsa, limeneli ndiye lopepuka, ndipo anthu atayapo nthawi yambiri pomwe vuto lenileni lili pena.

Magemu sanalowe dzulo m'mipikisano ya mayiko. Bungwe la Olympic Council of Asia linayamba kuperekera mamendulo pa magemu mu 2007 ku Macau, pa masewero a m'nyumba a Asian Indoor Games. Panthawiyo dziko silinalabadire. Phokoso linadzamveka mu 2018 ku Jakarta, pomwe magemu asanu ndi imodzi anaseweredwa pa Asian Games mongoonetsa chabe, mamendulo ake osawerengedwa. Chaka chotsatira, dziko la Philippines linachititsa masewero a SEA Games, a mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo linaika magemu pa mamendulo enieni. Eni mudziwo anatenga golide atatu mwa asanu ndi mmodzi. Kenako ndiye Hangzhou, kumene kunali magemu asanu ndi awiri m'bwalo lomangidwira ntchito yomweyo, lolowa anthu pafupifupi 4,500. Ofuna matikiti anachuluka kwambiri moti okonza anachita kupangitsa maere. China inakolola golide anayi, South Korea awiri, Thailand mmodzi.

Tsono za thukuta. Amene amati masewero enieni ndi okhetsa thukuta okha ayenera kuyamba achotsa zinthu zambiri zimene zili kale pa ndandanda. Pa Asian Games ya ku Hangzhou panali tchesi, panali go, panali masewero a makhadi otchedwa bridge. Ku Jakarta komweko, mponda matiki wina wa ku Indonesia, Michael Bambang Hartono, anapata mendulo ya buronzi pa makhadi ali ndi zaka 78. Ku Olimpiki, kuwombera chandamale ndi mfuti kwakhalako kuyambira 1896, ndipo luso lake lonse lagona pa kusagwedezeka. Pakati pa 1912 ndi 1948 ankaperekanso mamendulo kwa ojambula, osema ndi olemba. Mpanda wa chimene timatcha masewero wakhala ukusunthidwa nthawi zonse, ndipo amausuntha ndi anthu a m'makomiti.

Komanso amene anaonapo katswiri akusewera sanganene kuti palibe luso. Tengani League of Legends, gemu imene imakoka anthu ambiri. Matimu awiri a anthu asanuasanu amayamba kumbali ziwiri za mapu, aliyense atasankha msilikali wake pa asilikali opitirira 160, ndipo cholinga n'kukagumula likulu la adani. Masewero amodzi amatha mphindi pafupifupi 30. M'mphindi zimenezo wosewera amawerengera ndalama za mugemu, amaloweza nthawi imene chida cha mdani chikhale chitapsanso, amayang'ana kamapu kakang'ono ka pakona, amamvera zimene anzake anayi akulankhula m'makutu, uku dzanja likudina mbewa ya kompyuta kambirimbiri pa mphindi imodzi. Kuphethira pa nthawi yolakwika kumagwetsa timu yonse. Ena amadwala mikono ndi mapewa ngati mmene osewera mpira amadwalira mawondo. Nkhani ya luso tiitseke pamenepa.

Funso lachiwiri linali la magazi. Thomas Bach, yemwe anali mtsogoleri wa bungwe la Olimpiki la IOC, ananena poyera mu 2018 kuti magemu ophana sangagwirizane ndi mfundo za Olimpiki. Anthu anamukumbutsa kuti iye mwini anapata golide mu 1976 pa masewero olasana ndi malupanga, ndiponso kuti nkhonya zili pa ndandanda. Yankho lake linali lakuti masewero amenewo anachokera ku nkhondo koma anawetedwa, pomwe m'magemu ena cholinga chenicheni n'kupha munthu. Mfundoyo ili ndi mutu ndithu. Vuto n'lakuti magemu ambiri amene ali ndi otsatira ochuluka, monga Counter-Strike ndi PUBG, ndi owomberana basi.

Zimene anachita ku Hangzhou pofuna kuthawa vutoli zinali zoseketsa. PUBG Mobile ndi gemu imene anthu ambirimbiri amatsitsidwa pachilumba n'kumawomberana mpaka patsale mmodzi kapena timu imodzi. Mtundu umene unaseweredwa pa Asian Games unalibe zowomberana n'komwe. Osewera ankatsika ndi parachuti, kukwera galimoto, kuthamangitsana, n'kumawombera zandamale kuti apeze mapointi. Zili ngati kuitana akatswiri a nkhonya n'kuwauza kuti apikisane pomenya thumba la mchenga. Dzina linali lomwelo, koma mbiri imene anyamatawo anaipanga kwa zaka inali ya gemu ina.

Apa ndiye tafika pagwero. Ndani analemba PUBG yatsopanoyo? Si bungwe la masewero ayi, koma kampani imene ili ndi gemuyo, chifukwa palibe wina amene angaikhudze.

Mpira ulibe mwini. Malamulo ake analembedwa ku England mu 1863, koma ana a ku Ndirande kapena ku Chawama akamanga mpira wa mapepala n'kuika miyala iwiri ngati golo, sapempha chilolezo kwa munthu. James Naismith anapeka basketball mu 1891, koma palibe amene amalipira zidzukulu zake asanaponye mpira mudengu. Masewero a bawo nawo n'chimodzimodzi: kumbani maenje 32 pansi pa mtengo wa mango, tolani nkhomo, yambani kudyana. FIFA itatha mawa, mpira ungapitirire Loweruka lomwelo. Gemu ya pakompyuta si choncho. League of Legends ndi katundu wa Riot Games, ndipo Riot Games ndi ya kampani ya ku China ya Tencent. Dota 2 ndi ya Valve. Street Fighter ndi ya Capcom. Kampani ndiyo ili ndi bwalo, mpira, malamulo ndi makiyi a pachipata. Ikafuna imasintha mphamvu za asilikali, ndipo Riot imachita zimenezi pafupifupi masabata awiri alionse. Taganizani golo ikumakula kapena kuchepa kawiri pamwezi, wolamula zimenezo ali wogulitsa mipira.

Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo ku Hangzhou inagulukadi. Poyamba magemu anali asanu ndi atatu, wina mwa iwo Hearthstone, gemu ya makhadi ya kampani ya ku America ya Blizzard. Ku China gemuyi inkayendetsedwa ndi kampani ya NetEase. Makampani awiriwa atalephera kumvana pa mgwirizano watsopano, maseva a ku China anazimitsidwa mu Januwale 2023, ndipo patangopita miyezi iwiri Hearthstone inachotsedwa pa ndandanda. Osewera amene anakonzekera kukaimira mayiko awo anangotsala manja ali m'khosi. Palibe chimene analakwa. Makampaniwo anadzagwirizananso mu 2024, mpikisano utadutsa kalekale. Gemu ya mpira nayo inasintha dzina masewero atatsala pang'ono kuyamba, kuchoka pa FIFA Online 4 kukhala EA Sports FC Online, chifukwa kampani ya EA ndi bungwe la FIFA anali atathetsa ukwati wa zaka pafupifupi 30.

Ndiye pali nkhani ya kufa kwa magemu. Mwa asanu ndi imodzi a ku Jakarta, awiri okha ndiwo anabwereranso ku Hangzhou: League of Legends ndi Arena of Valor. StarCraft II, imene South Korea inapambana mu 2018, inasowa. Clash Royale, imene inapatsa Indonesia chimwemwe pakwawo, inasowanso. Wothamanga mamita 100 lero angathe kudziyerekeza ndi Jesse Owens wa mu 1936, chifukwa mtunda ndi womwewo. Katswiri wa gemu sadziwa ngati chimene wachiphunzira kuyambira ali mwana chidzakhalepo zaka zinayi zikubwerazi.

Nanga amasankha ndani magemu olowa? Pamenepa ndi pomwe fungo limamveka. Mwa asanu ndi awiri a ku Hangzhou, atatu anali m'manja mwa Tencent mwanjira ina. Ina, Dream Three Kingdoms 2, n'njopangidwa ndi kampani ya mu Hangzhou momwemo, ndipo kunja kwa China ndi ochepa amene anali ataimvapo. Golide wake anapita ku China, monga aliyense akanalosera. Kunena zoona, eni mudzi amakonda kulowetsa masewero amene iwo amawatha, ndipo izi zinayamba magemu asanabwere. Kusiyana kwake n'kwakuti dziko likalowetsa kabaddi kapena sepak takraw, palibe kampani imene malonda ake amakwera. Kulowetsa gemu ndi kuitsatsa malonda pansi pa mbendera za mayiko, ndipo kampani iliyonse ikudziwa zimenezo.

Ngakhale woyimbira amasowa pogwira. Pa SEA Games ya 2023 ku Cambodia, ndime yotsiriza ya gemu ya Valorant inali pakati pa Indonesia ndi Singapore. A Indonesia anadandaula kuti anzawowo akupezerapo mwayi pa kachilema ka mugemu, poika kamera pamalo pomwe sinayenera kukhala. Masewero anaima, mkangano unatenga maola, ndipo mapeto ake matimu onse awiri anapatsidwa golide. Mu mpira, mzere ukakhala wokhota mumaujambulanso. Mugemu, chilema chili mkati mwa pulogalamu imene woyimbira sangaitsegule. Mabungwe ofuna kukhala FIFA ya magemu alipo, monga International Esports Federation imene inakhazikitsidwa ku South Korea mu 2008 ndi Global Esports Federation ya ku Singapore ya mu 2019, koma onsewa ndi mafumu opanda malo. Sangalamule Valve kapena Riot kanthu kalikonse.

Wina angafunse kuti nanga akatswiriwo amavutikiranji, popeza ndalama ali nazo kale? Mpikisano wa Dota 2 wa The International mu 2021 unali ndi mphotho ya madola pafupifupi 40 miliyoni, ndalama zimene mendulo singabweretse. Kwa anyamata a ku South Korea yankho n'lachidziwikire. Kumeneko mwamuna aliyense wathanzi amayenera kukagwira ntchito ya usilikali kwa miyezi pafupifupi 18, koma wopata golide pa Asian Games kapena mendulo iliyonse ku Olimpiki amakhululukidwa, n'kungochita maphunziro a masabata ochepa ndi ntchito zothandiza anthu. Umu ndi mmene katswiri wa mpira Son Heung-min anapulumukira mu 2018. Kwa wosewera magemu, amene zala zake zimayamba kufooka asanafike zaka 30, miyezi 18 ingathe kukhala mapeto a ntchito.

Lee Sang-hyeok, wodziwika kuti Faker, amene ambiri amati ndiye katswiri woposa onse pa League of Legends, anali ku Jakarta pomwe timu yake inagonja 3-1 kwa China mu ndime yotsiriza. Ngakhale akanapambana sizikanamuthandiza, poti mamendulowo anali ongoonetsa. Ku Hangzhou, South Korea inabwezera China mu ndime ya matimu anayi, kenako n'kuswa Taiwan 2-0. Chodabwitsa n'chakuti Faker sanasewere masewero awiri otsirizawo. Pampando pake panali Jeong Ji-hoon, wotchedwa Chovy. Koma poti anali atasewerako koyambirira, mendulo anavala, usilikali n'kumupitirira. Izi zinachitika pomwe oimba a gulu la BTS, amene atchukitsa dzikolo kuposa wina aliyense, anali atayamba kale kulowa m'misasa mmodzimmodzi. Ku Korea anthu anakangana nazo kwambiri, ndipo ine sindiwadabwa.

Kwa ena, nkhani ndi ulemu. Mnyamata amene makolo ake akhala akumukalipira kuti akuononga maso ndi tsogolo, tsiku lina amabwera kunyumba atavala jekete la dziko, nduna itamugwira chanza. Boma likazindikira magemu ngati masewero, zitupa zoyendera zimapezeka msanga, ndalama zokonzekera zimatuluka, sukulu zimapereka tchuthi. Zimenezi si zazing'ono.

Bungwe la IOC lakhala likuzungulira nkhaniyi ngati galu pa nungu: kufuna likufuna, koma minga. Likufuna chifukwa achinyamata akuchepa pakati pa oonera Olimpiki, pomwe ndalama zake zambiri zimachokera kwa a wailesi za kanema. N'chifukwa chake linalowetsa skateboard ndi kukwera makoma ku Tokyo, ndiponso gule wa breaking ku Paris. Pa magemu linayamba mwamantha. Mu 2021 linachititsa Olympic Virtual Series, kenako mu Juni 2023 sabata ya magemu ku Singapore. Njira imene linasankha inali yofunsa mabungwe a masewero akale kuti lililonse libweretse gemu yofanana ndi masewero ake. A njinga anabwera ndi Zwift, imene munthu amapalasadi njinga yoima, thukuta kamukamu. A magalimoto anabwera ndi Gran Turismo. Zimenezo zinali bwino. Koma a mauta anabwera ndi kagemu ka pafoni kotchedwa Tic Tac Bow, komwe kanali katangotuluka kumene ndipo kanalibe otsatira, pomwe League of Legends, Dota 2 ndi Counter-Strike kunalibe. Okonda magemu anaseka mpaka misozi. Zinali ngati kukonza phwando la oimba otchuka n'kuitana okhawo amene amaimba nyimbo zokomera mkulu wa sukulu.

Mu Julayi 2024 ku Paris, IOC inavomereza kukhazikitsa Olympic Esports Games, mpikisano wapadera wa magemu okhaokha, mogwirizana ndi Saudi Arabia kwa zaka 12. Woyamba unayenera kuchitika mu 2025. Anausunthira ku 2027. Kenako mu Okutobala 2025, patangopita miyezi inayi Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe atalowa pampando wa Bach, mbali ziwirizi zinalengeza kuti zasiyana. Saudi Arabia sinataye kanthu. Inali kale ndi mpikisano wake wa Esports World Cup ku Riyadh, umene mu 2024 unali ndi mphotho zoposa madola 60 miliyoni, momwe magemu owomberana amaseweredwa mmene alili, ndipo yalengezanso wina wa matimu a mayiko. Apa zinaoneka poyera kuti pakati pa Olimpiki ndi magemu, amene akufuna mnzake kwambiri ndi Olimpiki.

Kwina konse achita mwa theka. Ku Birmingham mu 2022, pa Commonwealth Games, komwe ma Queens a Malawi anakasewera ntchemberembaye ndipo Muzala Samukonga wa ku Zambia anatenga golide pa mamita 400, kunalinso mpikisano wa magemu wa mayiko a Commonwealth wa masiku awiri, wa Dota 2, eFootball ndi Rocket League. Mamendulo ake anali apadera, osalowa pa ndandanda. European Games ndi Pan American Games za mu 2023 zinachitanso chimodzimodzi, kuika magemu pambali ngati mlendo wodyera pakhonde. Pa African Games ku Accra mu Marichi 2024, magemu anali ongoonetsa.

Kuno kwathu luso lilipo, ndipo aliyense amene analowapo m'kachipinda ka magemu m'tauni akudziwa. Benchi imodzi, sikirini yokhomedwa pakhoma, PlayStation yophimbidwa ndi kansalu kuopa fumbi, anyamata khumi ataunjikana kumbuyo kwa awiri amene agwira mapadi. Wogonja ndiye amalipira, wopambana amakhalabe pampando, ndipo pamakhala kamnyamata kena kosadzola kamene palibe amakachotsa mpaka dzuwa kulowa, pokhapokha magetsi atazima. Koma kuchoka pa benchi imeneyo kukafika pa mpikisano wa mayiko pali phompho limene wothamanga alibe. Wothamanga amafuna msewu ndi nsapato. Wamagemu amafuna makina, magetsi osadukiza, bandulo ya intaneti, ndiponso seva yapafupi. Magemu ambiri maseva ake ali ku Ulaya, ena ochepa ku South Africa. Wosewera wa kuno akadina batani, uthenga kupita ku Ulaya ndi kubwerako umatenga mamilisekondi opitirira 150, pomwe mnzake wa ku Frankfurt zake zimachitika nthawi yomweyo. Pa gemu yomenyana, kuchedwa kumeneko n'chimodzimodzi kulowa mu nkhonya dzanja limodzi litamangidwa. Ndipo woganiza zoika seva ku Africa kapena ayi si boma, si bungwe la masewero, koma kampani yomwe ija, itawerengera phindu lake.

Maganizo anga ndi awa. Kim Gwan-woo mendulo yake anaigwirira ntchito, ndipo amene akuinyoza sanayesepo. Mipikisano ya m'zigawo monga Asian Games ndi SEA Games ipitirize, chifukwa kumeneko anthu ake akuzifuna ndipo mabwalo akudzaza. African Games nayo isachite manyazi kuyamba ndi magemu a mpira, omenyana ndi a pafoni, amene achinyamata athu akusewera kale. Koma bungwe lililonse lolowetsa gemu liyambe lamanga kampani ndi pangano lolembedwa: kuti malamulo sasintha kuyambira pa mipikisano yodzigulira malo mpaka pa ndime yotsiriza, kuti maseva sazimitsidwa, kuti dziko lililonse lopikisana lili ndi mwayi wokonzekera mofanana, ndiponso kuti wosankha magemu sadya nawo za kampaniyo. Kampani yokana zimenezi isapatsidwe mbendera. Ndipo zopanga magemu ofulidwa, monga PUBG ya ku Hangzhou ija, zithe. Ngati gemu siyoyenera, ingosiyidwa.

Pa ndandanda ya Asian Games ya 2026 ku Aichi ndi Nagoya m'dziko la Japan, magemu alipo, a mamendulo enieni. Pa ya Olimpiki ya 2028 ku Los Angeles alowetsa kiriketi, squash, lacrosse, baseball ndi flag football. Magemu palibe.